Chipolopolo Chochedwa: Mbiri ya Kuonerera Mfuti m'Chigwa cha Chipata

Pakati pa miyambo yonse imene anthu a m'chigwa cha Chipata atola m'zaka zana zapitazi, ulipo umodzi umene olemba mbiri saupatsa ulemu, kapena chifukwa ulibe mfumu youyang'anira ngakhale ng'oma youlengeza, koma umene wapirira kuposa minda ya fodya ya atsamunda, ndi kuposa dzina lija la Fort Jameson limene mzindawu unavula dziko litalandira ufulu: ndiwo mwambo wosonkhana m'chipinda cha mdima, munthu atasiya kandalama pakhomo, kuti aonerere amuna a kutali akuomberana mfuti. Agogo anauyamba pa nsalu yoyera ya baisikopo. Atate anaupitiriza m'tinyumba ta vidiyo. Ndipo adzukulu, posakhutira ndi kupenya kokha, anailandira mfutiyo m'manja mwawo kudzera m'masewera a pakompyuta, mmene kamnyamata ka kusukulu ya pulayimale kakhoza kulamula nthawi kuti ichedwe, nkuona ndi maso ake chipolopolo chikudza pang'onopang'ono, iko nkuchilewa. Ndifuna kulondola mapazi a mwambo umenewu, pakuti pansi pake pagona funso limodzi lakalekale, lakuti pakati pa woomba ndi woombedwa, nthawi ili m'manja mwa yani.

Mfuti yoyamba kudziwika m'dziko la Achewa ndi Ansenga inali gogodera, imene Achikunda ndi amalonda ena ochokera ku Tete ndi ku Zumbo ankadza nayo posaka minyanga ya njovu ndi akapolo. Inali mfuti yoopsa pa kulira kwake, koma yaulesi pa ntchito; pakuti mwini wake akaomba kamodzi, ankayenera kuiimika chilili, kuthira onga kukamwa kwake, kulongamo chipolopolo, kutsendera zonsezo ndi kachitsulo, ndipo pokhapo nkuibwezera paphewa. Angoni a Mpezeni, amene makolo awo anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu Novembala 1835, tsiku lija dzuwa linada usana, ndipo anadzakhazikika m'mapiri ano cha m'ma 1870, anazindikira msanga pamene chida chimenechi chifookera. Msilikali wa chishango ndi nthungo ankadikira kuti utsi utuluke. Ndipo kanthawi kameneko, pamene mdani anali kupapasa onga m'thumba, ndiko kanali chuma chake, pakuti ankathamanga, nafika, natsiriza. Chifukwa chake Angoni sanaiwerengere mfuti kwambiri, ndipo kunena zoona, kufikira masiku amenewo analibe chifukwa choiwerengera.

Koma kutsidya la nyanja kunali munthu wina, Hiram Maxim, amene mu 1884 anapeza njira yakuti mphamvu imene ikankha mfuti m'mbuyo poomba ikhale yomweyonso yotaya khoko lopsa ndi kulonga chipolopolo china, kotero kuti mfuti yakeyo, imene makolo athu anadzaitcha chiwaya, inkalavula zipolopolo pafupifupi 600 pa mphindi imodzi. Mpata uja wa pakati pa kuomba ndi kuomba unafafanizika. Amandebele a Lobengula analawa chikho chimenechi mu 1893, pa nkhondo imene mtsogoleri wake anali Leander Starr Jameson. Ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno nkhani inayamba ndi Mjeremani wina, Carl Wiese, amene anakhalitsa kwa Mpezeni nalandira kwa mfumuyo chilolezo cha malo, chimene pambuyo pake chinagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland. Ndipo popeza mbiri inali itawanda ku London yakuti dziko la Mpezeni ladzala ndi golide, chimene chinatsala chinali kupeza podyera basi. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi anafika kuchokera kummawa, kudziko limene lero ndi Malawi, ali ndi mizinga ndi mfuti za chiwaya. Nsingo, mwana wa Mpezeni, ndiye ankatsogolera magulu a nkhondo, ndipo palibe amene ananenapo kuti anali wamantha. Koma magulu ake anabalalika m'masiku owerengeka, iye mwini anagwidwa naomberedwa mu Febuluwale, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo mfumu yokalambayo, itadzipereka ndi kutengedwa ukaidi, inabwerera kudzangomwalira mu 1900. Golide uja sanaoneke monga ankamuyembekezera. Boma latsopano linamangidwa m'chigwa, nilitchedwa dzina la Jameson, nilikhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911; ndipo Nc'wala, mwambo wa zipatso zoyamba, unazima kufikira pamene unatsitsimutsidwa mu 1980.

Kugonja kunabala msonkho, ndipo msonkho unabala ulendo. Malo achonde atatengedwa ndi kampani, anthu nakankhidwira m'madera opanikizika, anyamata a ku Fort Jameson anatchuka m'chigawo chonse monga anthu oyenda: ena ku minda ndi migodi ya Southern Rhodesia, ena ku Johannesburg, ndipo pambuyo pake ambiri ku migodi ya mkuwa. Kumeneko ndiko anakakumana ndi baisikopo. Ku Johannesburg mmishonale wa ku Amerika, Ray Phillips, anayamba kuonetsa mafilimu m'makomponi cha m'ma 1920, eni migodi akumuthandiza ndi mtima wonse, pakuti anaona kuti mwamuna amene wakhala pansi kupenya nsalu sali kumowa, ndiponso sali ku msonkhano wokambirana za malipiro. Mwambowu unakwera kumpoto, ndipo pofika m'ma 1940 usiku wa baisikopo unali utakhazikika m'makomponi a Luanshya, Nkana ndi Mufulira, anthu mazanamazana atakhala pabwalo, thambo lili denga lawo.

Chimene anthu ankakonda koposa zonse chinali filimu ya makauboyi, ndipo ngwazi yake, kaya dzina lake lenileni linali liti, ankangoitcha Jeki. Mayi wina wophunzira za chikhalidwe cha anthu, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 nalemba buku la Copper Town, anaona mmene khamu linkaimirira ndi kufuula Jeki akayamba kuponya nkhonya. Ndipo ana m'misewu ya m'makomponi ankasema mfuti za mtengo, navala zipewa za mapepala, nathamangitsana mpaka dzuwa kulowa. Atsamunda poona izi anagamula kuti munthu wakuda satha kulondola nkhani ya filimu, amangofuna ndewu. Koma ndani anaidula nkhaniyo? Boma linali ndi bungwe lopenda mafilimu oonetsa anthu akuda, limene linkaletsa ena ndi kudula ena, kuchotsamo chilichonse chimene chikanatsitsa ulemu wa mzungu, makamaka wa mkazi wake, kufikira filimu inkafika pansalu ili ngati chovala chodyedwa ndi njenjete. Ndipo mawu otsalawo anali Chingerezi cha ku Amerika, chothamanga, chotuluka m'makina osokosera. Munthu wopatsidwa zidutswa amasankha chidutswa chimene chimveka chokha popanda womasulira, ndipo palibe chomveka chokha kuposa amuna awiri atayang'anizana, dzanja lili pa mfuti.

Boma linayesa kupereka chakudya china. Pakati pa 1935 ndi 1937 gulu la Bantu Educational Kinema Experiment linayenda ndi lole m'maiko ano kuonetsa mafilimu ophunzitsa, ndipo mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, imene mafilimu ake a kalimidwe kabwino ndi kasungidwe ka ndalama ankazungulira m'maboma ndi m'midzi pa galimoto. Anthu ankapenya mwaulemu, monga achitira ndi mlaliki wotalikitsa, akudikira Jeki.

Mbadwo wachiwiri unadza ndi tepi ya vidiyo, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990 monse. Tsopano sipanafunikenso lole ya boma kapena chilolezo cha bwanamkubwa: munthu wokhala ndi wailesi yakanema imodzi, makina a tepi, mabenchi owerengeka ndi nsalu yotchinga pakhomo ankatsegula malo ake, m'makomboni a Chipata, kaya ku Kapata, kaya ku Mchini, kaya ku Navutika, naika chokuzira mawu panja kuti kulira kwa mfuti kuitane odutsa. Jeki analowedwa m'malo ndi Rambo, ndi Chuck Norris, ndi Arnold Schwarzenegger wa mu Commando. Kutsidya la malire a Mwami, ku Malawi, kunalibe wailesi yakanema ya boma kufikira 1999, kotero kuti tinyumba totere ndito tinali kanema wa anthu wamba mbali zonse ziwiri za malire. Pano ndiyenera kupatuka pang'ono. M'zaka zomwezo, pamene anyamata a m'tauni ankaombera m'manja Rambo, nkhondo ya ku Mozambique inali kusefukira m'chigawo chino cha kummawa: zigawenga za Renamo zinkawoloka malire ndi kupha anthu m'midzi ya kufupi ndi Chadiza ndi Petauke, ndipo othawa nkhondo ambirimbiri anakhazikidwa ku Ukwimi, kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992. Munthu wa ku Chipata wa masiku amenewo sanali mlendo pa mfuti yeniyeni; ankadziwa bwino lomwe kuti ya pansalu ndi ina, ya kumalire ndi ina.

Tsono luso lochedwetsa chipolopolo linachokera kuti? Chinsinsi chake nchapafupi. Filimu ndi zithunzi zoima, 24 pa sekondi iliyonse, zimene diso limazilumikiza nkuziyesa zoyenda. Ndipo wojambula akathamangitsa kamera yake kuti itole zithunzi zochuluka kuposa pamenepo, nazionetsa pa liwiro la nthawi zonse, chimene chinachitika m'kuphethira kwa diso chimatambasuka nkukhala chochitika chachitali. Akira Kurosawa wa ku Japan anaonetsa motero imfa ya munthu mu Seven Samurai mu 1954. Sam Peckinpah anadzaza nalo lusoli filimu yake ya makauboyi, The Wild Bunch, mu 1969, cholinga chake chili chakuti openya anyansidwe ndi kukhetsa mwazi. Koma anthu ambiri anangoona kukongola. John Woo wa ku Hong Kong ndiye analisandutsa gule weniweni, mu A Better Tomorrow ya 1986, The Killer ya 1989 ndi Hard Boiled ya 1992, mmene katswiri wa zisudzo Chow Yun-fat amadziponya cham'mbali, mfuti ziwiri zili m'manja, jekete likuuluka m'mbuyo mwake. Ndipo mu 1999 opanga The Matrix anandandalika makamera oposa 100 mozungulira munthu mmodzi, natola chithunzi pa iliyonse motsatizana, kotero kuti diso la wopenya linkazungulira munthuyo iye ali chiweramire, zipolopolo zikumudutsa pamwamba.

Palinso mtsinje wina umene unadzathira m'dziwe lomweli, ndiwo mafilimu a mdima a ku Amerika a m'ma 1940, monga The Maltese Falcon ya 1941 ndi Double Indemnity ya 1944, amene Afalansa anawatcha film noir. M'menemo mulibe Jeki wa chipewa choyera wopulumutsa mudzi. Muli mzinda wa usiku ndi mvula, apolisi odya ziphuphu, akazi osadalirika, ndi mwamuna wotopa amene akusimba yekha mbiri ya kugwa kwake, akudziwa kuyambira pa chiyambi kuti mapeto ake sadzakoma.

Amene analumikiza mitsinje iwiriyi sanali a ku Hollywood kapena a ku Hong Kong. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anali anyamata owerengeka a ku Espoo, m'dziko lozizira la Finland, amene anayambitsa kampani ya Remedy Entertainment mu 1995, ndipo anali atayamba kale ntchito yawo, akutsanzira John Woo, The Matrix isanatuluke. Sewero lawo, Max Payne, linatuluka pa kompyuta mu Julaye 2001, ndipo pa PlayStation 2 ndi Xbox kumapeto kwa chaka chomwecho. Nkhani yake ndi ya wapolisi wa ku New York amene afika kunyumba napeza mkazi wake ndi khanda lake ataphedwa ndi anthu oledzera mankhwala otchedwa Valkyr. Alowa mwachinsinsi m'gulu la zigawenga kuti apeze gwero la mankhwalawo, anamiziridwa mlandu wopha mnzake, ndipo ayenda yekha m'chipale chofewa, apolisi akumusaka uku, zigawenga uku. Popeza ndalama zinali zochepa, nkhaniyo sanaisimbe ndi zithunzi zoyenda koma ndi masamba a zithunzi zoima zokhala ndi mawu. Ndipo posowa cholipira akatswiri a zisudzo, mlembi wa nkhaniyo, Sam Lake, anabwereketsa nkhope yake kuti ikhale ya Max, amayi ake omubala nakhala nkhope ya mkazi woipa amene ali mutu wa chiwembu chonse. Mawu a Max, okhuthala ndi otopa, anali a James McCaffrey.

Koma chimene chinalitchukitsa ndi ichi. Pakona pa chithunzi pali kagalasi ka mchenga koyezera nthawi, ndipo wosewera akadina batani, dziko lonse la m'seweromo lichedwa: adani asuntha molemera, kulira kwa mfuti kutalika, mtima wa Max umveka kugunda, ndipo zipolopolo, zimene opanga anazipanga kuti chilichonse chiziyenda ulendo wakewake m'malo mofika nthawi yomweyo, zioneka zikudza. Dzanja la wosewera lokha ndilo silichedwa. Aloza pa liwiro lake la masiku onse. Ndiko kunena kuti munthu mmodzi wapatsidwa mpata umene adani ake khumi alibe, monga Yoswa anapatsidwa usana wotalika pa Gibeoni kufikira atatsiriza nkhondo yake. Mchenga uja ukatha, nthawi ibwerera mwakale, ndipo njira youdzaziranso ndiyo kupha adani ena. Mabala achira ndi mabotolo a mankhwala opha ululu otoledwa m'makabati. Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero akale; anyamata a ku Espoo anapeza njira yogulitsa kudekhako pa batani. Ndipo ndikalingalira za gogodera ndi chiwaya, ndiona kuti chimene seweroli lipereka kwa mwana wa m'chigwa chino ndi kanthawi komwe kaja kamene Maxim analanda asilikali a Nsingo, kobwezedwa patapita zaka 103, pa galasi, kwa munthu wokhala pa benchi.

Sitinganene komabe kuti masewera a mtundu umenewu analamulira tinyumba ta magemu timene tinaphuka m'misika ndi m'makomboni PlayStation 2 itatsika mtengo, makina ogwiritsidwapo kale ntchito ndi madisiki okopera zitayamba kufika kuchokera ku Lusaka, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Chifukwa chake nchamalonda. Mwini kanyumba amapeza phindu pamene awiri alipira pamodzi, nasewera mphindi zochepa, wogonja nadzuka kupatsa wina malo. Chotero mpira wa FIFA ndi ndewu za Mortal Kombat ndizo zimuyenera, pakuti fodya ndi uyu ali pamphuno. Max Payne ndi sewero la munthu mmodzi, lofuna maola ambiri, lofunanso kusunga pamene wafika kuti mawa upitirize. Ndipo mwana amene ali ndi kandalama ka mphindi khumi, anzake atamuunjikira kumsana, magetsi osadziwika pamene athimire, sangataye nthawi yake kuwerenga madandaulo a mwamuna wamasiye m'Chingerezi cha mikuluwiko. Amadumpha masamba a nkhani, nathamangira pa kudziponya cham'mbali. Potero mbiri ya baisikopo inadzibwereza: chisoni cha Max, chimene Sam Lake anachilemba mosamala chotere, chinatsalira panjira, ndipo chimene chinafika chinali gule wa mfuti. Kale wodula nkhani anali bungwe la atsamunda ndi lumo lake. Tsopano anali wotchi ya mwini kanyumba.

Makolo ndi abusa a mipingo akhala akudandaula kuti zoterezi ziphunzitsa ana chiwawa, ndipo dandaulo lawo siliyenera kunyozedwa, pakuti Max Payne analembedwa pachikuto kuti ndi wa akuluakulu, chinthu chimene mwini kanyumba sachiyang'ana. Koma nkoyenera kukumbukira kuti mawu omwewa ananenedwa za Jeki m'ma 1950, nanenedwanso za Rambo, ndipo ana aja a mfuti za mtengo ndiwo anakula nakhala aphunzitsi, akalaliki ndi madikoni amene anamanga Zambia. Chimene chindivuta ine ndi china. Wopenya baisikopo ankaona munthu akugwa, osatha kuchitapo kanthu. Wosewera uyu akaphedwa adina batani, nauka, nayesanso, kufikira ataloweza pamene mdani aliyense abisala. Imfa isanduka cholakwa chokonzeka, monga samu yolembedwa pa sileti. Anthu a kuno ali ndi njira yawo yakale yokumbukira nkhondo mosafulumira, ndiyo ngoma imene amuna avina pa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, atanyamula zishango ndi zibonga, akuponda pansi molemera pamaso pa Inkosi ya Makosi, mfumu yaikulu ya Angoni. Ndipo mmenemo ovina onse adziwa mmene nkhondo ya 1898 inathera, palibe amene ayesa kuibwereza kuti ithe mwina.

Max Payne anabala wachiwiri mu 2003, ndipo wachitatu, wopangidwa ndi Rockstar Games, anatuluka mu 2012, nkhani yake itasamukira ku São Paulo m'dziko la Brazil. Chaka chomwecho sewero loyamba lija linalowa m'mafoni. John Woo mwini wake anaika dzina lake pa sewero lofanana nalo, Stranglehold, mu 2007, ndipo mu 2022 Remedy inalengeza kuti ipanganso mwatsopano masewera awiri oyambawo. Komatu foni yomweyo, imene inachotsa mwambowu m'kanyumba ka mdima nkuuika m'thumba la munthu aliyense, ndiyo yachepetsa luso la chipolopolo chochedwa. Masewera a mfuti amene afala pa mafoni masiku ano, monga Free Fire wa 2017, PUBG Mobile wa 2018 ndi Call of Duty Mobile wa 2019, ndi a pa intaneti, mmene anthu 50 kapena 100 a m'maiko osiyanasiyana atsikira pa bwalo limodzi. Ndipo pamene onse ali anthu amoyo, wotchi iyenera kukhala imodzi, pakuti simungachedwetse nthawi ya mmodzi osaba ya mnzake. Opanga Max Payne 3 anayesa kuzemba vutoli mwa kuchedwetsa okhawo amene akuonana ndi wodina batani, koma njira imeneyo sinafale. Kuchedwa kumene kwatsala ndi kwa netiweki. Ndipo popeza makompyuta akuluakulu oyendetsa masewerawa ali kutali ndi chigwa chino, uthenga wa chala cha mnyamata wa ku Kapata utenga nthawi yotalikirapo kupita ndi kubwera kuposa wa mnzake wokhala pafupi nawo, kotero kuti kawirikawiri amagwa asanamuone amene wamuombera.